Fifita Ankaitana Amao

Lulimile, Lichinga
Dia 9 ya Novembro

Kwa Quintino, mwana wanga,

Imirira kaye. Ngati wavala chipewa vula, ngati muli kanthu m'kamwa meza, chifukwa amene akukulemberayu si munthu wamba. Ndine Bartolomeu Cachingue, Dotolo wa Kwarita Kilasi, kalasi yachinayi yathunthu, Nduna Yaikulu ya mizere khumi ndi iwiri ya mbatatesi kuseri kwa nyumba, ndiponso, kuyambira Janeiro, Woweruza Wamkulu wa Maboneko m'Niassa monse. Udindo womalizawu palibe anandisankha, koma palibenso amene walimba mtima kundichotsa. Tsopano ungakhale pansi.

Kaya wadzuka bwanji kumeneko ku Nampula, kumene dzuwa limawotcha ndi abuluzi omwe? Ntchito ya malori ikuyenda? Apongozi anga, akazi ako a Suzete, ali bwanji? Dzanja lawo lija linapola? Ndikufunsa ndi mtima wonse, usaganize kuti ndayamba kale nthabwala.

Ife kuno tilipo. Amako a Bernadete bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino, ndimachitira umboni tsiku lililonse. Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri, nyemba tadzala. Ine ndili gwa, kupatula maso ndi khutu la kumanzere, amene anapuma pa ntchito osanditsanzika. Mwana wako Noémia ali moyo, akudya, akupita ku shikola. Sindinanene kuti ali bwino. Imeneyo ndiye nkhani ya kalatayi.

Udabwa kuti bwanji pepala, ndi zilembo zazikulu ngati mapazi a nkhuku, pamene foni unandigulira. Pirira, chifukwa chake uchipeza kutsogoloku. Kalatayi ndampatsa Venâncio woyendetsa mashimbombo, basi ija ya ku Nampula, pamodzi ndi kathumba ka mbatatesi, ndipo ndamuuza kuti akupatse m'manja, aime pomwepo mpaka uitsegule.

Ndiyambe ndi televizau ija unatisiyira. Mphezi ya mvula yapita inaipsereza pakhosi. Zithunzi zinkabwera bwino, koma mawu ankatuluka ngati munthu akuyankhula mutu uli m'ndowa, uku akutafuna mtedza. Amako anaisiya. Ine ndi Noémia sitinaisiye. Ikakwana dezaseizi ora, folo koloko madzulo, tinkakhala pa mkeka kuonera maboneko aja a Beco dos Limões, a ana asanu ochita kujambulidwa okhala m'kanjira kamodzi.

Pa ana asanuwo pali kamodzi ukukadziwa bwino, chifukwa chithunzi chake uli nacho m'foni. Fifita. Mutu ngati dzungu, tsitsi lomangidwa pawiri ngati nyanga za tonde, nsapato zofiira. Anzake akatenga mpira, kalanda. Wina akagula mkate, kalanda. Njinga ya eni, kakwera. Ndipo nthawi zonse kakalanda kamatsegula kukamwa mpaka kumakutu, n'kufuula mawu amodzimodzi.

Mawu amenewo, atadutsa m'ndowa ija n'kulowa m'khutu langa lopuma pa ntchito, ine ndinkamva akuti: Amao! Amao!

Iwe ukudziwa kuti amayi anga anali Ayao a ku Muembe. Amao ndiwo mawu oyamba amene ndinatchula pa dziko lino, poitana iwowo. Ndiye ndinkaona kamwana kakukumbatira mpira ngati wina akufuna kukazula mkono, kakuitana amake, amakewo osabwera. Miyezi isanu yathunthu ndinkakamvera chisoni. Tsiku lina ndinapukuta m'maso, n'kunamizira utsi wa kukhitchini.

Mu Maio kunabwera Ossufo, mnansi wathu wokonza mawailesi ndi mafoni uja, kudzabwereka makwerero. Anandipeza ndikuuza televizau kuti pepa mwanawe, amako ali m'njira. Anafunsa kuti ndikupepesa yani. Nditamufotokozera anaseka mpaka kofia inagwa, n'kukhala pansi pafupi ndi kofia yakeyo kuti amalize bwino kuseka. Kenako anandiuza, ndipo anayamba ndi mawu akuti senyoro dotolo kuti chindiwawe, kuti kamwanako sikakuitana amake, kakuti É meu. N'changa! Chipwitikizi cha m'pirimeira kilasi, kalasi yoyambirira, chimene ine ndinakhoza iye asanamere mano.

Ndinatembenukira kwa Noémia n'kumufunsa kuti iwe makutu ako ndi atsopano, miyezi yonseyi bwanji osandiuza? Anakweza mapewa, maso ali pa televizau, n'kunena kuti zinkakoma choncho, vovo. Yankho limenelo ndinaliseka. Ndinayenera kulilandira ndi manja awiri.

Ossufo anaikonza pakhosi paja tsiku lomwelo. Quintino, nditamva mawu enieni a Fifita ndinamupempha kuti aiwonongenso. Ngati munthu akudula lata ndi macheka obuntha. Apa ndivomere: kamwanako n'kotopetsa. Kamanyoza akulu, kamanama, kakalakwa koyamba kulira ndi komweko. Kakanabwera kudzacheza pa nyumba panga ndikanakaonetsa njira ya kwawo dzuwa lisanapendeke.

Ndiye Ossufo anandionetsa pa foni yake gulu la anthu odana ndi Fifita. Ine ndinkati mwina ndi ana. Ayi. Anthu zikwizikwi, a ndevu zawo, ena ku Maputo, ena ku Angola, ena kutsidya kwa nyanja yamchere. Wina akuti amuponye m'chitsime. Wina akuti akanakhala wake bwenzi lamba atatha. Bambo wina wovala tayi pa chithunzi analemba machimo a Fifita makumi anayi ndi asanu ndi awiri, lililonse ndi tsiku lake. Ine kwa padiri sindinafikepo pa khumi, chonsecho ndili ndi zaka setenta e kwaturu, makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ndipo akuponya voti kuti chaka chikamatha eni maboneko amuchotsemo.

Ndinaseka nawo. Apa ndafika pa tchimo langa, limene iwe sukulidziwa.

Lamlungu lotsatira tinapha nkhuku. Ukudziwa kuti pa nyumba pano nthutumba ndi ya mwini nyumba, chiyambire agogo ako. Ndisanatambasule dzanja, Noémia anaitola m'mbale, n'kuibisa kumsana, n'kunena kuti ndi yake chifukwa nkhukuyo ankaidyetsa ndiye. Ine m'malo momudzudzula ngati munthu wamkulu, ndinaimirira, n'kuomba m'manja, n'kulengeza kuti taonani, Fifita wa ku Lulimile wafika. Tinkadyera panja. Ana a m'nyumba zoyandikana anali pa mpanda.

Dzina limenelo silinachokere ku shikola, Quintino. Linatuluka m'kamwa mwanga muno, mopanda mano atatumu. Lolemba linali litafika kale m'kalasi mwake ine ndisanasukusule.

Moyo wanga wonse ndapatsa anthu mayina. Padiri ndinampatsa, sekeretariyo wa bairro, mkulu wa dera lathu lino, ndinampatsa, amako ali nawo asanu ndi limodzi. Akulu amakwiya, n'kubwezera, basi zatha. Sindinadziwe kuti pa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu dzina limagwira ngati ulimbo pa mpheta: ikamaphupha kuti ichoke m'pamene nthenga zonse zimamatirira.

Ku shikola ankamutsata m'mbuyo akufuula É meu, É meu. Wina ankamulanda pensulo dala kuti aone ngati afuule. Iye ankafuuladi, ena n'kumafa nalo phwete. Anakanda mnzake pa tsaya. Pulofesora, mphunzitsi wake, anatiitana kawiri.

Ndinayesa kulibweza dzinalo. Ndinapita pa chipata cha shikola nthawi yoweruka, n'kuuza anawo nkhani ya khutu langa, kuti aseke ine amusiye iye. Anandisekadi. Lero Lulimile yense amanditcha Vovo Amao, ndi oyendetsa mota omwe, njinga zamoto zija, amaliza buzina akandiona. Koma la Noémia sanalisiye. Ndinangowonjezera dzina lachiwiri pa nyumba imodzi.

Tsopano za Julho. Zimene unaona iwe sindikutsutsa. Ndikungofuna kuikapo zimene sunaone, chifukwa iwe unali m'nyumba, ine ndinali pa mpando wanga kuwothera dzuwa.

Unabwera kudzationetsa a Suzete, ndipo mtima wanga unakondwa, pakuti zaka ziwiri zinali zitakwana chimwalirire mkazi wako Vitória, ndipo munthu sangakhale wamasiye mpaka kalekale. Koma unawabweretsa mwezi wa chisanu osawauza kuti Lichinga si Nampula. M'mawa uja anatuluka akunjenjemera, mano akuombana, n'kuona kapulana pa chingwe, nsalu yabuluu ya timbalame tachikasu. Anaitenga n'kudzifunda. Ndani akanaisiya? Sanalakwe kanthu.

Kapulana imeneyo ndi ya Vitória. Iwe unaiwala, chonsecho unaigula ndiwe, mwezi umene anakuuza kuti ali ndi pakati. Chibwerere Noémia kudzakhala nafe, imagona pansi pa mutu wake. Amako saloledwa kuichapa. Amangoiyanika pa dzuwa mwa kamodzikamodzi, mwini wake ali chilili pafupi ngati msilikali. Tsiku limenelo amako anamutuma kukagula mkate wa alendo, n'kuiyanika iye kulibe. Anabwerera n'kupeza mkazi wachilendo waima pa khonde, wavala amake.

Mkate unagwa m'fumbi. Zotsatira ukuzidziwa: kukoka, kufuula, mano pa dzanja. Iwe unatuluka n'kumva É meu. Unanena, ndipo anansi onse anamva, kuti chilombo chotere sungachitengere ku Nampula. M'mawa mwake munanyamuka, masiku awiri akadalipo pa ulendo wanu.

Ine ndinamva Amao.

Useke, ndikudziwa kuti khutu limeneli lili ndi mlandu kale. Koma kumbukira kuti Vitória ankayankhula Chiyao ndi mwanayu, ndipo Noémia sanawatchulepo amake kuti mama. Ndinafunsa amako, akuti anamva É meu. Ndinafunsa Ossufo amene anali kuseri kwa mpanda, anati ulendo uno, senyoro dotolo, nanenso ndamva Amao, ndipo kofia sinagwe. Patapita mlungu ndinafunsa mwini wake tikusankha nyemba. Anasankha nyemba zambirimbiri asanayankhe. Kenako anati sakudziwa, pakamwa pananena pokha.

Kuluma munthu n'kulakwa, ndipo ndinamuuza. Anakhala masiku atatu osaona maboneko, ine ndemwe n'kulangika nawo. Koma pamene tili pa nkhani ya mano, kodi a katekista a Gregório umawakumbukira? Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri anakulanda mpira wa masanza pa khomo la tchalitchi. Chala chawo chamkombaphala mpaka lero sichipindika bwino, ndipo akamaloza nacho nyimbo pa bolodi amayang'ana ine. Unagonanso pakati pa msewu wa ku Cuamba chifukwa cha nzimbe, minibasi ya chapa n'kuima, anthu n'kutsika kudzaonera. Palibe anaponya voti. Ndinakunyamula pa phewa ukundimenya m'mutu, n'kupita nawe kwathu. Mano amenewo ndi a mtundu wathu, mwana wanga, sanawagule ku msika.

Tsopano chifukwa cha pepala.

Tizilembo ta pa foni maso anga sationa. Uthenga uliwonse ukabwera, wondiwerengera ndi Noémia. Ndinkayesa ukudziwa. Mwina sindinakuuze, ndipo ngati ndi choncho tchimo lachiwiri ndi limeneli.

Mu Setembro foni inalira tili pa khonde, ine ndikusoka thumba. Ndinampatsa. Anati ndi papa, nkhope n'kuwala. Anayamba kuwerenga mokweza monga amachitira, chala chikutsata mzere. Anati papa atumiza ku gulu la banja chithunzi cha Fifita. Pansi pake alemba kuti wathu ali ku Lulimile, amene akumufuna akatenge, sitikugulitsa, tikungopereka. Kenako, vovo, pali tinkhope titatu toseka mpaka misozi. Azakhali aja, tia wa ku Pemba, waikapo tiwiri.

Ndinati bwera nayo foniyo. Anati dikirani, pali wina wa inu nokha. N'kuwerenga wonse, osadumpha liwu: kuti Dezembro uno subweranso kudzamutenga monga unalonjezera, kuti pa nyumba panu mukufuna mtendere, kuti timutumize kwa azakhali ake ku Lione, mwina khasu limuwongola. Atamaliza anafunsa ngati ndikufuna kuyankha, pakuti wondilemberanso ndi yemweyo. Ndinati ayi. Anaika foni pa mpando bwinobwino, n'kupita kukatunga madzi amene palibe anamutuma.

Atabwerako ndinamupepesa chifukwa cha dzina lija, nditagwada, mawondo akulira ngati chitseko cha khola. Anati palibe kanthu vovo, ndi dzina langadi. Ndikanakonda akanandiluma.

Chiyambire tsiku limenelo nyumba ino ili ndi mwana wabwino. Safuula. Salanda. Akamulanda pensulo amangoyang'ana, n'kulemba ndi kachidutswa. Dezaseizi ora ikakwana amakasesa kuseri. Tinapha nkhuku ina, ndinamuikira nthutumba m'mbale mwake ndi dzanja langa, anaibweza. Pulofesora anatumiza mawu oyamika. Amako akuti mwina wakula. Koma amako omwewo ndinawapeza akuyang'ana mwanayo akusesa, akupukuta m'maso, nawonso n'kunamizira utsi, chonsecho moto unali usanakolezedwe.

Milungu iwiri yapitayi anabwera ndi kapulana ija ataipinda kanayi, ataichapa yekha ndi sopo. Ataichapa, Quintino. Anati ndiipereke kwa Venâncio akapatse tia Suzete, ndiwauze kuti si yakenso, angoitenga, ndiye mwina papa asintha maganizo.

Kapulanayo usaifune m'kathumba ka mbatatesi. Sindikutumiza. Ili m'sutikesi mwanga, kiyi ali m'khosi mwanga, ndipo idzapita ku Nampula tsiku limodzi ndi mwini wake.

Nkhani ya Fifita tatsutsana nayo kwambiri ndi Ossufo pa khonde pake, iye akutsegula mafoni a eni, ine ndikumusokoneza. Iye akuti kudana ndi chojambula kuli ngati kumenya thumba la mchenga, palibe amapweteka, anthu amangotulutsa mkwiyo wa ku ntchito. Akutinso kamwana kopanda ulemu kakamanyozedwa, ana athu amaphunzira kuti khalidwe limenelo n'loipa. Si wopusa Ossufo, mbali ina akunena zoona. Ine ndinamuyankha kuti chojambula ndi pepala, mwala ukaponyedwa umaboola, n'kukagenda mwana amene waima kuseri kwake. Ndipo kuseri kwa Fifita kwaima ana ambiri, m'kalasi iliyonse mmodzi. Wa ku Lulimile ndinamuimikapo ndine.

Monga Woweruza Wamkulu, mlanduwu ndaufufuza. Ndaonera magawo oposa makumi asanu ndi limodzi, ena m'ndowa, ena ndi mawu. Amake a Fifita sindinawaonepo, ngakhale pa chithunzi cha pa khoma. Abambo ake amaoneka miyendo yokha ndi dzanja logwira foni, mutu wawo sukwana pa televizau. Ana ena anayi aja madzulo amaitanidwa kukadya, aliyense ndi dzina lake. Fifita amatsala m'kanjira ndi mpira wolanda uja, wopanda woponyerana naye. Zimenezi zimaoneka kanthawi kochepa, nyimbo yomaliza ikuyamba, pamene anthu a makutu abwino anyamuka kale. Bambo wa tayi uja ichi sanachilembe.

Ndiponso Ossufo yemweyo anandiuza kuti mawu a Fifita amayankhula ndi mayi wamkulu atatsina mphuno, ndipo ojambula ndi akuluakulu. Ndiye taona. Akulu anamujambula, akulu anampatsa mawu a macheka, akulu amamulanditsa mpira tsiku lililonse chifukwa akasiya kulanda maboneko atha, kenako akulu ena n'kusonkhana kumutukwana. Zaka zisanu akuonetsedwa, akadali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Iyeyo akanafuna kusintha akanadzera pati? Chigamulo changa n'chakuti Fifita ndi wotopetsa, koma mlandu ndi wa ogwira pensulo.

Chigamulochi ndinachilengeza m'gulu lawo lija. Ossufo ankalemba, ine ndikunena, m'Chipwitikizi cha kwarita kilasi chosachita manyazi. Anatiyankha anthu makumi atatu madzi a tiyi asanawire. Wina anati velho maluco, nkhalamba yamisala. Wina anafunsa ngati ndine agogo ake a Fifita, ndipo ameneyo ndinamuyankha kuti sim senhor. Anatichotsa m'gulumo, ndipo Ossufo sanandiyankhule mpaka Lachisanu atachoka ku mzikiti.

Koma pali gawo limodzi limene odana nayewo sanalione, ndipo iwenso sunalione. Linaonetsedwa Lachitatu lapitali, tsiku limene Noémia anachedwa ku shikola kukonzekera mayeso.

M'gawo limenelo kunali kutatsala pang'ono Natal, Khirisimasi. Ana anayi aja aitanidwa kukadya, Fifita watsala m'kanjira. Pakona paima mashimbombo. Mwatsika miyendo ija. Koma ulendo uno dzanja linaika foni m'thumba, miyendo n'kupindika, bamboyo n'kugwada, ndipo koyamba chiyambire maboneko mutu wake unakwana pa televizau. Nkhope wamba, yotopa ndi ulendo, ndevu zosameta.

Fifita anathamanga. Osati kukamukumbatira, ayi, ukumudziwa. Anakagwira chikwama cha bamboyo n'kufuula mawu ake aja. Bamboyo sanakalipe, anati inde, n'chako. Fifita n'kugwira chipewa, É meu. N'chako. N'kugwira mkono wonse wa bamboyo ndi manja awiri, É meu. Apo bamboyo anati umenewo ndiye unali wako chikhalire. Kumbuyo kwake kunali mayi wina wovala majuzi awiri, ataima patali pang'ono, akusowa poika manja. Fifita anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamumwetulire, ndisakunamize. Koma anamugudubuzira mpira uja.

Noémia atabwera ndinamufotokozera zonsezi tikukazinga mtedza. Poyamba ankangotakasa ngati sakumva. Kenako anafunsa kuti bamboyo anabwera pa dia chani. Ndinati dia vinte ya Dezembro, tsiku la makumi awiri. Anafunsa ngati mashimbombo ake anali ngati a Venâncio. Ndinati enieniwo, ndi galasi long'aluka lomwe. Anafunsa ngati Fifita anamutenga. Ndinati anamutenga, ndi nsapato zofiira zomwe.

Kenako dzanja linatuluka ngati la nyani, n'kundilanda mtedza wonse umene ndinali nditasenda kale, n'kuthawa nawo kuseri. Sanafuule, koma ndinamumva akuseka m'kamwa muli modzaza. Ine ndinatsala ndi makoko, ndipo chibadwire sindinaberedwepo mokoma chonchi.

Tsono tamvera, Quintino. Apa Dotolo wavula chipewa, amene akuyankhulayu ndi bambo ako.

Sindikuti ndiwe woipa. Ndinakuona pa maliro a Vitória. Sunalire, unangonyamula mipando kubweza ku tchalitchi mpaka inatha, ndipo mwezi womwewo unapempha ntchito ya kutali. Ndikudziwanso chifukwa chake ukamayankhula ndi mwanayu umayang'ana foni: maso ake ndi a amake, ndi mkwiyo womwe. Aliyense amalira ndi chimene ali nacho. Iwe unali ndi msewu. Iye anali ndi nsalu imodzi ndi pakamwa.

Ku Lione mwanayu sapita. Azakhali ake ndi anthu abwino, koma khasu limawongola mzere, osati mwana wosowa bambo ake. Pano akhoza kukhala mpaka ine nditafa, ndipo tsiku limene adzachoke nyumba ino idzakhala ngati tchalitchi Lolemba. Koma zaka zanga ndakuuza, amako bondo, ndipo mwanayu amake anawaika kale m'manda. Sindilola kuti aikenso bambo ake ali moyo, akuyendetsa malori.

Ku shikola ndapita kale. Pepala la transferensiya, lomusamutsira ku shikola ya ku Nampula, alikonza, likungodikira dzina lako, ndipo ofesi amatseka dia vinte e dois, patangopita masiku awiri kuchokera dia vinte ija. Langa akana, ngakhale ndinawauza maudindo anga onse.

Ukapanda kubwera, ndikwera ndine mashimbombo, ndi mwanayu, ndi sutikesi. Ndidzakhala pa chipata cha ku ntchito kwako kuyambira m'mawa, kufotokozera aliyense wolowa za chala cha a katekista, za nzimbe, ndi za mphasa imene tinkayanika m'mawa uliwonse mpaka uli ndi zaka khumi. Ukundidziwa. Mawu ndili nawo, nthawi ndili nayo.

A Suzete uwawerengere kalatayi yonse, osadumpha za kapulana. Uwauze kuti nkhalambayi ikupepesa chifukwa cha dzanja lawo, ndipo sindikuwalonjeza mngelo. Adzafuula, adzalanda, tsiku lina adzawaliza. Ndikungowapempha kuti akadzamva É meu, adzayese kamodzi kokha kumvera ndi khutu langa la kumanzereli. Chithunzi chija uchifufute m'gulu la banja, ndipo uuze tia wa ku Pemba kuti tinkhope take tiwiri ndatisunga, tidzakambirana pa maliro anga.

Amako akupereka moni, akuti usaiwale mtedza wa korosho. Ossufo akuti salamu. A katekista a Gregório akupereka moni ndi dzanja lamanzere. Upereke moni kwa a Suzete ndi kwa akwawo onse, ndipo uwauze adzatenge juzi ngakhale kuli Dezembro. Mulungu akutsogolere pa msewu, akutetezere matayala, ndipo akupatse tulo tabwino masiku onse kupatula lero.

Ndine bambo ako,
Bartolomeu Cachingue
Woweruza Wamkulu wa Maboneko, wosasankhidwa

Ndatsegulanso envelopu chifukwa amako, nditawawerengera zonsezi, aima pamutu panga ndi mthiko, akuti munthu wa zaka zanga asakweze bodza mashimbombo. Za udotolo sindibweza. Za a katekista n'zoona, udzafunse chala. Koma gawo la Lachitatu lija kulibe. Tsiku limenelo magetsi anazima kuyambira m'mawa. Bambo wogwada uja, mayi wa majuzi awiri, mpira wogudubuzika, zonse ndinapeka ndine pa chiwaya cha mtedza. Abambo ake a Fifita akadali miyendo yokhayokha, ndipo voti ikuonetsa kuti amuchotsadi.

Noémia anapeza magetsi akadali ozima atabwera. Mwina akudziwa kuti ndanama, monga ankadziwira za Amao, n'kungondisiya chifukwa zikukoma choncho. Koma dzulo ndinapeza pa kalendala ya kukhitchini dia vinte atayizunguliza ndi kachidutswa ka pensulo kaja, kawiri, mpaka pepala kubooka.

Venâncio amafika kuno cha m'ma dezasete ora, faifi koloko madzulo. Udzatipeza awiri pomwe amaimira, mmodzi atafunda kapulana yabuluu. Ukadzatsika udzagwade, mwana wanga, mutu ukwane.